Anati Ndamanga Boti

Moni nonse, abale ndi alongo amene timakumana pa tsamba lino la mapemphero. Ambuye akhale nanu kulikonse kumene muli. Ine ndine Fainesi, ndimakhala kwa Mlolo m'boma la Nsanje, ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa boti la injini lowolotsa anthu pa Shire. Ndabwera kudzachitira umboni za chaka chimene ndinachotsedwa pa botilo, kenaka n'kutchedwa mfiti ndi anthu amene ndimadya nawo mgonero. Ndinene poyambirira kuti pamene ndikulemba izi mtima ukutenthabe. Amene mumakonda umboni wa mawu ozizira mundikhululukire, ine Mulungu sanandiumbe choncho.

Madzi osefukira ataononga msewu n'kusintha njira ya mtsinje, bungwe lina lachifundo linatipatsa boti loti lizinyamula odwala, amayi oyembekezera ndi anthu opita kumsika kutsidya. Anafuna woyendetsa, anatiyesa tonse amene tinalembetsa, ndipo ndinapambana ine. Amene amandidziwa sanadabwe. Ndinakulira mu mwadiya, bwato la malemu bambo anga, nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kusinja. Koma a Zuze, wapampando wa komiti yoyang'anira botilo, nkhaniyi inawakhala pakhosi, chifukwa malowo anali atamulonjeza kale mphwawo Dayisoni. Pa tsiku lolandira boti anandigwira chanza akuyang'ana kumbali.

Kuti mumve bwino, ndifotokoze kaye mmene botilo limaonera njira. Shire wa masiku ano si wa kale. Madzi ake ndi amatope, pansi suona, ndipo mchenga umasamuka. Pamene unadutsa bwinobwino sabata yatha, lero pamakhala chitunda chobisala m'madzi. Bwato limangodutsa pamwamba, koma boti la injini lodzaza anthu limakakamira pomwepo. Ndiye kunsi kwa boti, cha kumbuyo, anamangirirako kachipangizo koyeza kuya kwa madzi. Waya wake umalowa m'kabokosi kakuda kamene kali pansi pa mpando wa woyendetsa. Kabokosiko kamatumiza chithunzi cha pansi pa mtsinje ku tabuleti, foni yaikulu yathyathyathya ija, popanda waya, kudzera pa wayifayi yakeyake. Wayifayi imeneyi ilibe intaneti ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi imodzi basi, kulumikiza kabokosi ndi tabuleti.

Pa maphunziro anatiuza kuti kuno kumatentha kwambiri, choncho tabuleti izikhala yozimitsa m'thumba lake mpaka nthawi yonyamuka. Kabokosi kokha kamayaka ukangotsegula batire kuti injini itenthe. Pasiwedi a bungwe anailowetsa okha mu tabuleti, ndipo anaisungitsa kwa a wapampando. Ine sindinaidziwe, komanso sindinaifune.

Masabata oyamba zonse zinkayenda myaa. Ndikayatsa tabuleti, pansi pa mtsinje pankaoneka mzere woonetsa pakuya ndi posaya, ine n'kumangokhotetsa boti ngati ndikuyenda m'njira ya kwathu. Kenaka zinayamba. Tsiku lina ndayatsa, kabwalo kakungozungulira pa galasi, chithunzi osabwera. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, chinabwera. Mawa lake chinachedwa. Pofika mwezi wotsatira, pa masiku amsika sichinkabwera n'komwe, pamene nyale ya kabokosi ikuyaka yobiriwira, kusonyeza kuti kabokosiko kali moyo.

Musaganize kuti ndinangokhala manja ali m'khosi. Ndinachita zonse zimene anatiphunzitsa, n'kuwonjezerapo zanga. Ndinapala dzimbiri pa mitu ya batire mpaka inawala. Ndinamanga mawaya onse. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, Shire wa ng'ona yemweyu, kukachotsa namasupuni ndi matope pa kachipangizo ka kunsi kaja. Tabuleti ndinaisendeza pafupi ndi kabokosi mpaka kugundana. Ndinaisokera kamthunzi ka chitenje poganiza kuti mwina ndi dzuwa. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti m'mawa ndikafika ndekha pa doko, anthu asanabwere, zonse zinkagwira bwino. Anthu akangodzaza, basi makina afa.

Ndinakauza a Zuze, iwo anaitanitsa katswiri wa bungwe kuchokera ku Blantyre. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka akafika, timamuchotsera anthu pafupi kuti asapanikizidwe. Ndiye m'mawa wa tsikulo a Zuze anayendayenda pa doko ndi ndodo yawo, kuthamangitsa aliyense, ogulitsa nsomba, a kabaza ndi odikira kuwoloka, kuti akaime kutali cha ku msewu. Katswiri anafika pa doko poyera ngati pa bwalo losesa. Tinakwera atatu, iye, a Zuze ndi ine. Anayatsa tabuleti, chithunzi chinabwera nthawi yomweyo. Tinafika pakati pa mtsinje n'kubwerera, osaphethira ngakhale kamodzi.

Ndinamuuza kuti, bambo, makinawa amafa anthu akakwera. Munthuyo sanandinyoze, ndinene zoona. Anaganiza kuti mwina boti likalemedwa kachipangizo kaja kamakhudza matope, ndiye analamula kuti tilongedze matumba a mchenga olemera ngati anthu. Tinayendanso, makina osavuta. Anasintha waya wina pofuna kungotsimikiza. Asanachoke anafunsa a Zuze ngati pali wina aliyense amene anapatsidwa pasiwedi ija. Iwo anayankha mwachisena, atatukula chifuwa, kuti, "Nkhabe," kutanthauza kuti ayi. Ndinamva ndi makutu angawa. Katswiri anati sangachize matenda amene sakuwaona, n'kubwerera.

Galimoto yake isanafike n'komwe pa tala, nkhani inali itayamba kale kuyenda. Eti makina amagwira akakhala m'manja mwa mwamuna, amakana akakhala m'manja mwa mkazi. Ena anafika ponena kuti amafa masiku amene ine ndili kumwezi. Abale inu, zoona? Mwezi wanga, wa ine mayi wa ana, kusanduka nkhani ya pa bawo! Amuna akuluakulu a imvi zawo, amene sadziwa tsiku limene ana awo anabadwa, anayamba kundiwerengera masiku. Ndikadutsa ndinkamva kuseka kumbuyo. Ndinkakwera m'boti mano ali gwa, n'kumayeza njira ndi nsungwi ngati nthawi ya bambo anga, koma boti lolemera silimva nsungwi ngati bwato.

Tsiku lina la msika ndinanyamula anthu odzaza, pamodzi ndi agogo ena aamuna odwala amene anawagoneka pa mphasa pakati pa boti. Tsiku limenelo, mwamwayi, tabuleti inagwira ponyamuka, ndipo ndinathokoza mumtima. Tili pakati pa mtsinje inazima chifukwa cha kutentha. Nditaiyatsanso, kabwalo kaja kanayamba kuzungulira. Ndinachepetsa liwiro, koma madzi anali atatikokera kale kumanzere, ndipo boti linakwera pa mchenga n'kuima nji. Ndinapempha amuna kuti atsike tikankhe. Onse anayang'ana m'madzi, wina anatchula ng'ona, palibe anasuntha. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kudumphira ndekha. Ndinakankha mpaka zikhatho zinasupuka, koma munthu mmodzi sangasunthe boti la anthu odzaza. Tinapsa ndi dzuwa pamenepo mpaka asodzi anabwera ndi mabwato kudzatsitsa anthu. Agogo aja anafika kuchipatala ali lefuu, koma Mulungu anawasunga.

Komiti inakumana, ndipo sanandilole kulankhula zambiri. A Zuze anati katswiri wophunzira anayesa makina pamaso pawo n'kupeza kuti alibe vuto, ndiye vuto ndi woyendetsa. Amuna omwe aja amene anakana kunyowetsa mapazi ndi amene anaimika manja kuti ndichoke. Anati ndipume kaye. Kiyi anamupatsa Dayisoni ine ndili pomwepo. Ndinafika kunyumba nditadzaza ndi mkwiyo. Bambo a kunyumba anati ndingozisiya, tizilima kudimba monga kale. Ndinawayankha kuti kulima sindikana, koma bodza sindilisenza.

Ndinkaganiza kuti Dayisoni akalephera, anthu atseguka maso. Ndinali kudzinamiza. Analepheradi, makina anamukana monga ankandikanira ine, ndipo posakhalitsa anagunda mchenga ali pa liwiro mpaka pulopela inapindika. Boti linakhala pa doko kudikira ina, odwala n'kumawoloka pa mabwato. Inu mukuganiza kuti anabwera kudzapepesa? Ayi ndithu. Nkhani inangotembenuka. Tsopano anati Fainesi wamanga boti chifukwa cha nsanje. Anati masiku aja ndinkalowa m'madzi kukachotsa namasupuni, ndinkakakwirira mankhwala kunsi kwa boti. Ntchito yanga yomwe, imene ndinaika moyo wanga pa ng'ona, inasanduka umboni woti ndine mfiti.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Sakhala pa iwe wekha, amatsikira kwa ana ako. Pa mjigo, ndikaika ndowa pa mzere, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zinkasendezedwa. Tomato wanga wa kudimba ankaolera pa thebulo. Koma chimene chinandibaya kwambiri chinachitikira m'nyumba ya Mulungu. Ndili ndi mnzanga, amake Malita, amene takhala benchi imodzi kutchalitchi kuyambira tili atsikana. Ndinamusambitsira mwana wake woyamba. Lamulungu lina nditakhala pansi, iye anatola thumba lake mwakachetechete n'kukakhala benchi ya kumbuyo. Ena anamutsatira. Ndinatsala ndekha pa benchi yonse, tikuimba za chikondi.

Kenaka ndinamva kuti komiti yakonza msonkhano wa anthu onse pa doko, tsiku loikira pulopela yatsopano. Cholinga chinali choti agwirizane zoitana munthu wodzachotsa zimene amati ndinakwirira, ndiponso kundiletsa kuponda pa dokopo mpaka kalekale. Ndinadziwa kuti munthu wotereyo akabwera sabwerera chimanjamanja, apeza kanyanga ngakhale pamene palibe. Akangokatukula m'mwamba pamaso pa anthu, dzina langa latha, ndipo kwathu kuno sindingakhalenso.

Ndinapita kudimba, koma khasu linakana. Dzuwa lili paliwombo ndinaliponya pansi n'kuyamba kupemphera. Sindinagwade, ndinaimirira, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati, Ambuye, Inu mumaona pansi pa Shire popanda tabuleti, mukudziwa kuti kunsi kwa boti lija kulibe kanthu kanga. Nanga mwangokhala chete bwanji? Ndinakutumikirani chiyambire, ndasesa nyumba yanu, ndaimba pa maliro a anthu omwewa. Ngati ndalakwa ndionetseni, koma ngati sindinalakwe, musandisiye ndife ndi dzina limene simunandipatse. Ndinalira mokweza mpaka mbalame zinathawa m'mapira. Palibe mawu amene anabwera kuchokera kumwamba. Chimene chinabwera ndi mutu, unandiwawa ngati ukung'ambika, ndipo sunaleke mpaka ndinaganiza zopita kuchipatala chathu chaching'ono. Panthawiyo sindinadziwe kuti mutu umenewo ndiwo unali yankho.

Pachipatalapo pali anamwino amene tonse timangowatchula kuti Sisita. Si a kuno, anachokera kumpoto, ndipo pakamwa pawo sapaopa munthu. Amawoloka kawirikawiri kukatenga mankhwala ku boma. Atandimanga lamba woyezera magazi pa mkono, anandiyang'anitsitsa n'kundizindikira. Ine ndinakonzeka kumva za ufiti. M'malo mwake anayamba kundikalipira za nkhani ina.

"Ndinu mayi a boti aja eti? Ndakhala ndikukufunani. Wayifayi yanu yabodza ija muichotse! Ndikangoyandikira boti, foni yanga imasiya bandulo yanga n'kukakamira kumeneko, mauthenga a kuntchito osalowa mpaka nditatsika. Wayifayi yanji yopanda intaneti?"

Ndinawafunsa kuti foni yawo inalowamo bwanji, popeza pamafunika pasiwedi.

"Anandipatsa a wapampando anu, eti ulemu wa kwa anamwino. Nanga ndili ndekha? Theka la boti lili nayo. Aliyense amangoyang'ana pa foni kudikira intaneti yaulere."

Abale, pamenepo maso anga anatseguka. Sisita anaona kuthamanga kwa magazi kukukwera n'kundiuza kuti ndikhale phee, koma ine ndinali nditaimirira kale. Ndinawafotokozera zonse, kuti makina amagwira ndikakhala ndekha, amagwira ndi matumba a mchenga, amafa anthu akakwera. Ndinati, Sisita, matumba a mchenga alibe mafoni. Anandifunsa ngati ndili ndi nambala ya katswiri uja. Anamuimbira pa foni yawo, odwala ena akudikira panja.

Katswiri anamvetsera zonse. Kenaka anafotokoza kuti kabokosi kaja kamalandira zipangizo zochepa kwambiri pa nthawi imodzi, ndipo kamatenga zimene zayamba kufika. Ine ndikatsegula batire, kabokosi kankayaka, mafoni a m'matumba mwa anthu n'kulowa okha, chifukwa foni ikalowa kamodzi siiwala. Pofika nthawi yoti ndiyatse tabuleti, malo anali atatha. Tsiku la pa mchenga lija, tabuleti itangozima, foni ya wina inalanda malo ake. Anati, "Koma ndinafunsa ine za pasiwedi." Ndinati munafunsadi bambo, ndipo yankho ndinalimva. Anatiuza mmene tingaonetsere anthu popanda iye kukhalapo.

Pambuyo pake ndinamva mmene inayendera. Kwathu kuno chinthu chikabwera ndi bungwe timati n'cha tonse, ndipo wochisunga akachiumira amatchedwa wodzikonda. A Zuze anamva mawu oti wayifayi n'kuganiza kuti ndi intaneti yaulere imene yabwera ndi boti. Anayamba kugawira anzawo a ulemu, kuti aoneke kuti ndi munthu wa zinthu. Anzawowo anapatsa akazi awo, akazi anapatsa ana, ana anapatsa a kabaza. Intaneti sinabwere, koma aliyense ankaganiza kuti ndi foni yake imene ili yachikale, ena n'kumati imagwira boti likafika pakati penipeni. Ndipo onse anandibisira ine, poopa kuti ndiwaletsa. Taganizani, mudzi wonse unkadziwa chinthu chimodzi chimene chikanandipulumutsa, n'kumanditcha mfiti chili m'matumba mwawo.

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza pansi pa mtengo wa bwemba pa doko. Nditafika, malo anatseguka okha mondizungulira. A Zuze anayamba kulankhula za mdima umene wagwera boti lathu. Asanafike patali, Sisita anatulukira atavala yunifolomu yawo yoyera, n'kunena kuti asanaitane wina aliyense wochotsa mankhwala, iwo ali ndi mankhwala awo oti ayese kaye. A Zuze anati msonkhanowu ndi wa eni mudzi. Sisita anawayankha kuti odwala amene akuwoloka pa mabwato ndi awo, ndipo sachoka. Anthu anang'ung'udza, koma munthu amene amakubaya jakisoni sumukaniza pagulu.

Anauza anthu kuti akwere m'boti mpaka lidzaze, a komiti patsogolo. Dayisoni anatsegula batire, nyale yobiriwira inayaka. Anayatsa tabuleti, kabwalo kanayamba kuzungulira, ndipo anaitukula kuti onse aone. Wina anafuula kuti, si izo, mwini mankhwala ali pomwepa! Sisita anati aliyense amene ali ndi foni, m'boti ndi pamtunda pomwe, aitulutse aizimitse. Panali kuzengereza. Ena ankanamizira kuti alibe, mpaka anzawo kuwaloza matumba. A Zuze anatulutsa yawo pomaliza, nkhope itagwa. Kenaka Sisita anati Dayisoni achoke pa mpando, akhalepo amene mukuti ndi mfitiyo.

Ndinadutsa pakati pa anthu akupinda miyendo kuti ndisawakhudze. Ndinakhala pa mpando wanga. Mumtima ndinangoti, Yesu, musandichititse manyazi pano. Ndinayatsa tabuleti. Kabwalo sikanamalize n'komwe kuzungulira kamodzi, mzere wa pansi pa mtsinje unabwera, woyera bwino, kuonetsa matope a pa doko ndi pamene madzi amayambira kuya. Ndinaitukula m'mwamba ndi manja awiri.

Wina anati mwina wangomasula yekha pano. Ha, anthu! Ndinazimitsa tabuleti n'kuwauza kuti yatsani mafoni anuwo. Atayatsa, ndinapereka tabuleti kwa a Zuze enieniwo kuti ayatse ndi chala chawo chachimuna. Kabwalo kanazungulira, n'kuzungulira. Anazimitsanso mafoni, chithunzi chinabwera chili m'manja mwawo momwemo. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinaimirira m'botimo n'kunena kuti, ndine mkazi yemwe uja, mwezi wanga ndi womwe uja, ndipo kunsi kwa boti lino amene akufuna akafufuze, ng'ona zikumudikira. Ndinafunsa kuti amene anapatsidwa pasiwedi aimike mkono. Manja anakwera pang'onopang'ono, m'boti ndi pamtunda, ochuluka moti sindinathe kuwawerenga. Dzanja la amake Malita linali limodzi mwa iwo.

Kiyi anandibwezera tsiku lomwelo. Koma ndisakunamizeni kuti anthu anagwa pansi kulira. A Zuze anangoti tonse tinali mu mdima, zakale zipite. Tonse? Ine mdima wanga unali uti? Amene ananama pamaso pa mlendo ndi ndani? Munthu mmodzi yekha amene ananena mawu oti pepani ndi katswiri uja, amene anabweranso kudzasintha pasiwedi. Anati anayenera kuumirira kuyesa boti lili ndi anthu monga ndinamuuzira. Ulendo umenewu a Zuze atayamba kuthamangitsa anthu pa doko, iye anawaletsa. Pasiwedi yatsopano anandiuza ine ndekha. Patapita masiku a Zuze ananditsata kumbali n'kunena kuti monga wapampando ayenera kuidziwa. Ndinawapatsa ulemu wonse, ndinapinda maondo pang'ono, n'kuwayankha kuti, "Nkhabe."

Lamulungu lotsatira ndinakhala pa benchi yanga. Nyimbo yoyamba ili mkati ndinamva munthu akukhala pambali panga, phewa lake kukhudza langa. Anali amake Malita. Sanandiyang'ane n'komwe. Mumtima mwanga munabwera mawu ambiri oti ndimuuze, ndipo miyendo inafuna kunyamuka kuti naye alawe kukoma kwa benchi yopanda anthu. Sindinanyamuke. Si mphamvu zanga zimenezo, inu mwandimva kale mmene ndilili. Kukhululuka kwenikweni ndikupemphererabe, ndipo ndikupempha kuti mundithandize kupemphera, chifukwa masiku ena ndikamuona mkwiyo umabweranso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, woimirira m'munda, wopanda mawu okoma. Ine ndinkadikira chozizwitsa chachikulu, Iye ananditumizira mutu wowawa ndi namwino wolalata. Zikomo Ambuye, kapena ndinene mwachisena, takhuta, takhuta kwambiri. Ndikuthokozanso Sisita, amene mpaka lero amati iwo ankangofuna kuti foni yawo izigwira.

Kwa iwe m'bale kapena mlongo amene akukunamizira lero, ku ntchito, kumudzi, ngakhale kutchalitchi komwe, usavomere dzina limene Mulungu sanakupatse. Usathawe, ndipo usaleke kupemphera ngakhale pemphero lako likutuluka ngati mkangano. Iye sadabwa ndi mkwiyo wako. Limbikira mpaka atatsegula matumba a anthu. Ine anandibwezera boti ndi dzina langa pamaso pa onse amene anandilanda. Mawa m'mawa ndikakhala pa doko monga mwa masiku onse, ndipo amene adzakwere ndi anthu omwe aja ananditcha mfiti, ndi ana awo, ndi odwala awo. Adzakhala pansi, ine ndidzayatsa tabuleti, ndipo ndidzawaolotsa bwinobwino.